Tsiku Limene Alile Anatidutsa Pamutu

Lolemba, 9 Juni
Chisanu cha ku Kabwazi. Zala kukana kugwira choko. Madzulo foni ya Alile, mwana wathu wachisamba. Loweruka ndi ulendo wake woyamba kuyendetsa ndege ya anthu, kuchoka ku Lumbadzi kupita ku Chileka. Watigulira mipando iwiri, ine ndi amake. Ndayankha mwauphunzitsi: "Chabwino." Kenako kuseri kwa khola la nkhumba, kukapukuta maso.

Lachitatu, 11 Juni
Rula pamapu, ana a Fomu 2 atandizinga. Mumlengalenga makilomita pafupifupi 250. Pabasi, kudzera ku Ntcheu ndi Zalewa, tsiku limakuthera ndi msana womwe. Alile akuti iye mphindi makumi anayi ndi kanthu. Piriyodi imodzi ya jogalafe! Rulayo yadutsa chakufupi ndi Chongoni. Ndawauza katatu, mwina kanayi.

Vuto ndi amake, a Filomena. Ankafuna mwana akhale nesi. Chiyambire sukulu yakeyo sanatchulepo mawu oti ndege, amangoti "zake za Alile zija." Mwana amamva kuwawa, sanena. Lero avomera ulendo: "Ndikungokuperekezani inu, mungasochere."

Lachisanu, 13 Juni
Jekete yasitidwa. A Kalisto a kabaza ndi mnzawo abwera mawa mbandakucha ndi njinga zamoto kuti akatisiye pa Chimbiya pokwerera minibasi, mtengo ngati akukatitula ku Chileka komweko. Kamba wa a Filomena: nkhuku yathunthu ndi mbatatesi. Ndati ulendo wake ndi wosatha ndi ntchafu imodzi yomwe. Sanaseke.

Loweruka, 14 Juni
Tisanapite patali, masamba pamsewu. Maliro. Kutsika, chipewa m'manja, njinga kukankha. Kufunsa, ndi a Kristina a m'kwaya, amene ankakhala benchi imodzi ndi a Filomena. Pamenepo ungadutse? Iwo chitenje m'chiuno, kulowa m'nyumba ya siwa. Ine kwa azibambo. Pamaliro suyang'ana wotchi. Ndinayang'ana mthunzi wa mtengo, nawonso umathamanga.

Pa Chimbiya dzuwa lili apo. M'minibasi anthu atatu okha, kondakitala kulumbira kuti yadzadza. Basi, tinadziwa kuti ndege sitiipeza. Tinakhala pamulu wa kabichi.

Kenako kaphokoso chakumpoto. Kanthu ngati singano, kakung'anima. Ndisanatsegule pakamwa, nthungululu pambali panga! A Filomena, mpango m'manja, kuthamanga m'mbali mwa msewu: "Ndege ya mwana wanga iyo! Akuyendetsa ndi mwana wanga, ndinabereka ine!" Amayi a tomato onse kuimirira, nthungululu msika wonse. Kondakitala naye kuvula kapusi.

Minibasi isanadzadze, foni kuchokera ku Chileka. Watera kale. Mawu ozizira: "Ababa, mipando yanu inali yopanda anthu." Ndinayamba kufotokoza za maliro, a Filomena kundilanda foni. "Alile, ndakuona. Wayendetsa bwino, sinakhote ngakhale pang'ono." Kenako mbali inayo kulira. Kunonso. Ine kuwerenga kabichi.

Nkhuku tinadyera pomwepo, ndi a Kalisto.

Lamulungu, 15 Juni
Itatha Misa, a Filomena pakati pa amayi panja pa tchalitchi. Ndawamva ndi makutu anga: makilomita zikwi ziwiri, mphindi khumi zokha. Amayi onse maso kwa ine, mphunzitsi wa jogalafe, kuti nditsimikize.

Ndagwedeza mutu. Ndati n'zoona.