Batani Lobiriwira

Lolemba, 3 Novembala

Masiku 34 kuti mayeso a Chijapani afike. Makadi a lero 140, onse ndamalizira m'minibasi, chigongono cha munthu m'nthiti. Apu ya pafoni yati masiku 211 osadumphitsa, n'kuika kamoto pambali pa nambalayo. Kamoto kameneka ndimakasamala kuposa ka kukhitchini.

Sipanala, makaniko wathu, wafunsa kuti ndimatobwanya chiyani pafoni. Ndamuonetsa. Khadi libwera ndi chilembo chonga mpanda wogwa, unene tanthauzo, ulitembenuze. Ukalephera, batani lofiira, libweranso pakapita mphindi khumi. Ukakhoza mosavuta, lobiriwira, lipita kutali miyezi. Iye: "Ndiye ikudziwa bwanji kuti mwakhozadi?" Siidziwa. Imakhulupirira chala.

Abwana abwerezanso. Atopa kudikira womasulira mapepala a magalimoto ochokera ku Japan. Satifiketi ikabwera, desiki la pawindo n'langa. Ikapanda kubwera, aikapo mphwawo, ine ndipitirize kuwerenga mabawuti kusitolo. Chaka chachisanu ndi chinayi.

Lachinayi, 6 Novembala

Galimoto yatsopano pabwalo, kapepala komata pachitseko. Ndawerenga: oilo anasinthidwa mu Epulo. Sipanala akuti, "Asisi, mwangopeka." Wajambula ndi foni yake kuti imumasulire, andigwire bodza. Epulo yemweyo. Tsiku lonse akundiitana kuti Aphunzitsi, ngakhale pondipempha girisi.

Ndabwerera kunyumba mapazi osagunda pansi.

Loweruka, 8 Novembala

Azakhali atisiya. Ndinyamuka mawa m'mawa. Foni yaikulu itsala ndi bambo akunyumba, makasitomala a takisi amawaimbira pomwepo. Ine nditenga kamabatani.

Pano pokha ndilembe. Nditamva uthenga, choyamba kundibwerera m'mutu chinali kamoto kaja. Misozi inadza pambuyo.

Lachisanu, 14 Novembala

Ndabwera. Njira yonse ndimadzikonzekeretsa: kamoto kazima, makadi 700 akundidikira ngati zovala zakuda.

Kutsegula apu. Masiku 222. "Lero palibe makadi. Mwachita bwino!"

Bambo aima pakhomo, mano onse pamtunda. "Ndinakusungirani moto wanu, mayi. Tsiku lililonse pasiteji, podikira anthu. Lofiira lija n'lovuta, limangobweza zinthu. Lobiriwira ndiye la ntchito."

Makadi onse 700 apita ku Malichi. Mayeso ndi pa 7 Disembala.

Sindinakalipe. Ndatsuka mbale zomwe anatsuka kale.

Lamulungu, 16 Novembala

Masiku awiri a "inde" ndi "ayi" basi. Iwo akuyenda monyang'ama m'nyumba yawo yomwe. Dzulo anakolopa mpaka pansi pa bedi.

Masana ndatsegula mbiri ya makadi kuti ndisiyanitse chala chawo ndi changa. Chawo n'chosavuta kuona: sekondi imodzi, lobiriwira, sekondi imodzi, lobiriwira. Ndapita m'mbuyo. Okutobala. Sekondi imodzi, lobiriwira. Seputembala, chimodzimodzi, nthawi zonse cha m'ma 7:20. Imeneyo ndi nthawi yomwe minibasi imakhota pamalo omwetsera mafuta, ine n'kufuna kumaliza ndisanatsike.

Bambo anandinamizira apu masiku asanu. Ine miyezi iwiri.

Lachiwiri, 18 Novembala

Ndayesa mayeso akale kusitolo, pa katoni ya mafyuluta, chitseko chokhoma. Theka silinakwane. Zilembo zambiri ndimazidziwa nkhope, ngati anthu a m'minibasi. Dzina ayi.

Sipanala atamva nkhani ya bambo waseka mpaka kukhala pa tayala. "Alamu akhoza Chijapani osalowa m'kalasi!" Nanenso ndaseka. Koyamba chibwerereni kumaliro.

Ndafufuta mbiri yonse, makadi ayambirenso. Apu yafunsa kawiri ngati ndatsimikiza. Masiku 226 apita, kamoto kasanduka 0. Ndimayesa ndimva kuwawa. Ndangomva njala.

Loweruka, 22 Novembala

Dongosolo latsopano. Foni agwira ndi bambo. Andionetsa khadi, ndinena tanthauzo mokweza, atembenuza, awerenga yankho la Chingerezi, adina okha. M'mawa amandiperekeza kuntchito, timaima panja pa geti mphindi makumi atatu.

Munthu yemwe uja tsopano ndi woweruza milandu. "Mwazengereza. Lofiira." Ndikati ndimachidziwa, amati, "Mukachidziwe bwino pakapita mphindi khumi." Lero lobiriwira andipatsa kasanu ndi kawiri pa makadi 120. Kawiri ndinafuna kuwalanda foni.

Ayamba kuloweza okha. Kasitomala wina akuti anathokozedwa m'Chijapani, anatsika akuyang'ana m'mbuyo.

Lamulungu, 30 Novembala

Mayeso akale ena. Ndadutsa mzere, koma ndi chala chimodzi. Kumvetsera ndiye kukundikoka mwendo, amayankhula ngati minibasi ikuwasiya. Makadi 43 akukanabe, ndawalemba pa makatoni a masipeya n'kumata kukhitchini, kubafa, kuseri kwa chitseko.

Mphwawo wa abwana anabwera Lachisanu kudzaona ofesi. Waulemu, nsapato zowala. Anayesa mpando wa pawindo, n'kuukweza pang'ono.

Lamulungu, 7 Disembala

Talemba. Holo yozizira, anthu ngati makumi asanu ndi limodzi, ambiri ana asukulu. Pensulo yanga yachiwiri ndinabwereka mtsikana wapambali.

Gawo la mawu, bwino. Lowerenga, nthawi inandithera, mafunso anayi omaliza ndangodetsa. Pomvetsera, mayi wina m'sipika amakalipira mwamuna wake kuti waiwala ambulera m'sitima. Ndinamva zonse, mpaka ndinaseka. Woyang'anira anandiponyera diso.

Zotsatira kumapeto kwa Januwale. Sindikudziwa. Ulendo uno ndikunena zoona, sindikudziwa.

Lolemba, 8 Disembala

Ndinalowa muofesi kukasainitsa oda ya mabuleki. Abwana ali ndi pepala la galimoto yomwe akufuna kugula, mtengo wokoma, akuimbira womasulira yemwe sakuyankha. Pepalalo linali chadodolido kwa ine, koma zilembo ziwiri m'bokosi la pansi ndinaziona. Zili kuseri kwa chitseko chathu sabata yonseyi.

Ndinati, "Bwana, imeneyo inamira m'madzi."

Anayang'ana ine, pepala, ine. Womasulira anaimba patapita ola. Madzi, mpaka m'mipando.

Za desiki sananene kanthu. Angokankhira kwa ine mapepala ena asanu ndi limodzi, ndi cholembera chawo chomwe sabwereka munthu. Ndakhala pa mpando wa alendo. Loyamba ndawerenga, lachiwiri ndawerenga. Lachitatu lili ndi chilembo chomwe sindinachionepo chibadwire, abwana ataima pamutu panga akudikira.

Ndawauza kuti ichi sindikuchidziwa.

"Ndiye chifufuzeni. Khalani pawindopo, pali kuwala."