Nenani Sanali Kulira Maliro

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Kuno tilipo. Esnati wachira mwana wamkazi ndipo amutcha dzina lanu. Kamwa yake ndi yanu ndithu, sikhala chete. Nandolo wachita bwino, nthochi zanu za kuseri zikuthyola mphanda.

Koma nkhani ndi ya Nenani, chigalu chanu chija munachipempha ku esiteti ya tiyi atachichotsa pa ulonda chifukwa cha chiuno. Chichokereni inu anasiya kudya, n'kumangogona pakhomo panu. Azimayi a ku Dorika ankabwera kudzamuona ngati namfedwa, n'kumati galu akulira mbuye wake kuposa mwana wawo weniweni. Zinandiwawa, koma ndinakhulupirira. Ine amene ndinakafikako ku yunivesite, ngakhale ndinabwerako opanda pepala monga aMalume sasiya kukumbutsa anthu.

Tsiku lina ndikumunyengerera kuti adye phala ndinakumbuka mawu anu aja, akuti galu sanama m'kamwa. Nditamukweza mlomo, nkhama zinali zoyera ngati ufa. M'makutu munali nkhupakupa zonenepa kuposa mamanijala a ku esiteti. Amayi, sichinali chisoni, anali kutha magazi, ife tikumuyamikira ulemu!

Nditati ndipite naye kwa dokotala wa ziweto, kondakitala wa minibasi anatikana. Ndinamukweza pa wilibala mpaka ku Luchenza, anyamata a pa siteji akundifunsa ngati ndiye digiri ndinabwera nayo imeneyo. Ndinawauza kuti yanga imaluma. Dokotala wa ziweto anamubaya jakisoni, nati tikanachedwa pang'ono tikanakumba dzenje.

Panopa akudya mpaka kukankha mbale. Ndimamupatsa pang'ono m'mawa, pang'ono madzulo, ndipo akadya sindimulola kuthamanga, monga munkanenera kuti galu wamkulu mimba imapotana. Chiuno chimamuvutabe kukazizira. Ndamuyalira bulangete lanu lofiira, musakwiye. Nkhupakupa ndimamuchotsa Lachisanu lililonse Sabata lisanalowe.

Dzulo aMalume anabwera kudzayeza ndi maso malata a nyumba yanu. Nenani anadzuka, mwendo ukukokeka, n'kuuwa kamodzi kokha. Bambo aja anadutsa m'munda wa tiyi osafuna njira. Chipewa chawo anachigwetsa pothawa ndachisunga, ndikudikira adzachitenge okha. Ndinaseka mpaka kukhala pansi, kuseka kwanga koyamba chichokereni inu.

Ndikudziwa mukumufuna kumeneko, Amayi, koma dikirani. Ndikulonjeza kumusamala mpaka imvi zimutsirize. Inu muli ndi angelo okulonderani. Ine ndili ndi iyeyu.

Ndine mwana wanu wokukondani, wamwano yemwe uja,
Lusiya