Mizu Imene Amayi Anandipatsa

Ku wodi ya amayi,
Blantyre.
12 Febuluwale 1979

Okondedwa achemwali anga a Manesi,

Kodi muli bwanji ku Ntchisiko pamodzi ndi alamu ndi ana? Nanga mwendo wa amayi uja ukuwavutabe mvula ikagwa? Ine kuno ndilipo, koma ndikulemba ndili chogona, pepala ndasanjika pa mbale, choncho musaseke zilembo zokhotakhotazi. Kalatayi muwerenge nokha kaye musanawerengere wina aliyense.

Ndinachira pa 30 Januwale, mwana wamwamuna. Akuyamwa bwino ndipo mchombo wagwa kale. Koma achemwali, ameneyu ndiye woyamba, ndiyenso wotsiriza. Chiberekero changa chinang'ambika ndipo adokotala anachichotsa.

Pamene ndinabwera kudzatsazika mu Okutobala, amayi anandimangira mizu ya mwanamphepo pa kansalu. Anati matenda akangoyamba ndiviike ndimwe kuti ndisavutike nthawi yaitali, ndipo anandilumbiritsa kuti ndisauze amuna anga a Felton kapena achipatala. Ndinamwa makapu awiri. Pofika kuno mimba inali ikungopota osapumira, ine osatha ngakhale kuima.

Mzamba amene anandilandira ndi a Nankhoma, mayi wamfupi wa mawu ngati a sajeni. Atangondigwira pamimba anandifunsa chimene ndamwa. Ndinati tiyi. Anandikalipira anthu onse akumva, kuti akhala akubereketsa anthu zaka makumi awiri koma tiyi wotereyu sanamuonepo. Kunena zoona ndinadana nawo tsiku limenelo. Koma ndi omwewo amene anathamanga kukaitana adokotala, nakankha okha bedi langa mpaka ku fiyeta, kochitira opaleshoni. Nditatsitsimuka ndinawapeza pambali panga akundinyowetsa milomo ndi thonje. Masiku atatu oyamba ankanditembenuza, kundisambitsa ndi kundiikira mwana kubere poti sindinkatha kudzuka. M'wodi muno tilimo oposa makumi anayi, ena akugona pansi, koma saiwala bala la munthu. Tsiku lachinayi ndinawauza zoona. Sanakalipenso, anangoti ankadziwa kale ndipo sauza abale anga popanda ine kulola.

Tsopano vuto langa ndi ili. Apongozi anga aakazi afika kuchokera ku Dowa. Tsiku loyamba anyamata a chipani a Yufi anawabweza pa depoti chifukwa anaiwala khadi la chipani, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndikanakonda akanaliiwala mpaka kale. Iwo akuti mkazi akavutika chonchi pobereka ndiye kuti anayenda ndi amuna ena ali ndi pakati, ndipo ndikanatchula mayina msanga mwana akanabadwa bwinobwino. Amabwera masana alionse ndi phala, amakhala m'mphepete mwa bedi, n'kuyamba kundinyengerera kuti nditchule dzina limodzi lokha. Ine nditchula yani?

A Felton poyamba ankawaletsa. Masiku ano amangonyamula mwana n'kumuyang'anitsitsa kumaso nthawi yaitali. Dzulo anandifunsa chimene chinang'amba chiberekero, popeza adokotala anawauza kuti mwanayo sanali wamkulu. Ndinanamizira tulo.

A Nankhoma akuti akhoza kuwaitanira a Felton mu ofesi n'kuwafotokozera za mizuyo, nkhani ya chigololo n'kuthera pomwepo. Koma inu mukuwadziwa bambo awo a Felton, mkulu wa mpingo amene sasunga kanthu kukhosi. Akangomva kuti mayi wa Chigwirizano anapatsa mwana wake mizu ya kwa sing'anga, kalata ifika kwa abusa athu sabata isanathe. Amayi adzadulidwa mu mpingo, adzavula yunifomu imene akhala akuvala chimwalirire bambo, ndipo mudzi wonse udzanena kuti anawononga okha mwana wawo. Chonsecho iwo anachita zimenezi chifukwa chondikonda. Ndikayankhula ndawapereka amayi, ndikakhala chete banja latha. Ndimalira, achemwali, mpaka anzanga a mabedi oyandikana amandilanda mwana kuti ndisamunyowetse.

Ndinayenera kutuluka Lachisanu lapitali. A Nankhoma ataona mmene zinthu zilili anauza adokotala kuti bala likutulukabe timadzi, zimene n'zoona ndithu ngakhale pang'ono, ndipo andipatsa mpaka pa 23. Ine amene ndinkadandaula ndi fungo la mankhwala ndi kabichi wa tsiku ndi tsiku, lero ndikuopa chipata. Muno belu likalira alendo onse amatulutsidwa ndipo ndimapuma. Kunyumba ku Ndirande kulibe belu, chipinda n'chimodzi, ndipo apongozi anena kale kuti sabwerera ku Dowa asanamve dzina.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani kwa amayi muli awiriwiri, kudimba kapena kumunda wa fodya kumene kulibe makutu, muwauze zonsezi. Chonde musawakalipire, ndikukudziwani pakamwa panu. Muwafunse ngati akundimasula pa lumbiro lija. Yankho mupatse a Danieli a kwa Malomo amene abweretse kalatayi, akubwerera kuno pa 21. Positi musaidalire ndi matope a kumapiriko. Liwu limodzi likwanira, inde kapena ayi.

Akakana sindidzawakwiyira. Inunso mukaona kuti mtima wawo sungapirire n'kulephera kuwauza, ndidzamvetsa. Ndidzakhala chete, koma pamenepo muuze alamu ayambe kumweta udzu afolere kanyumba ka kuseri kaja, chifukwa ine ndi mwanayu tidzafuna pogona.

Mundiperekere moni kwa amalume a Paulo ndi akazi awo, kwa azakhali, kwa alamu, kwa mng'ono wathu Lidia ndi ana onse. Amayi musawapatse moni wapakamwa chabe, muwagwire dzanja m'malo mwanga. Musanafike pa zovutazo, muyambe mwawauza kuti ali ndi mdzukulu wamwamuna ndipo ali moyo, muwasiye akondwere kaye pang'ono.

Tsalani bwino.

Ndine mng'ono wanu,
Faines