Jasi limene andipatsa ku shedi ya fodya

Okondedwa achemwali,

Ndikupatsani moni kuchokera kuno ku Tengwe. Ine ndili bwino, alamu, amuna anu, nawonso akudzuka, koma maso awo aja akunka nachita chifunga. Kaya inu ndi ana kumudziko?

Loweruka lapitali mzungu mwini famu ino anatisonkhanitsa pa shedi. Anati fodya wosankha ine wayenda bwino pa msika, ndipo anandiveka jasi latsopano anthu onse akuona. Ati enanso alimbike, adzalandira. Kenaka anandiitanira pambali nati, "Kuyambira Lolemba ndiwe kapitawo wa shedi. Mwezi ukatha undiuze amene akusakaniza masamba, ndimuchotse."

Achemwali, chaka chonsechi ndakhala benchi limodzi ndi alamu, ndipo mitolo yawo ndimaikonza ndine mwakabisira, chifukwa tsamba lachikasu ndi lofiirira sakulisiyanitsanso. Kapitawo sakhala pansi, amangoyendera. Ndani azidzawakonzera mitoloyo? Ndikabisa, mzungu adzaona yekha, tichotsedwe tonse awiri, atilande ndi nyumba za pakomboni zomwe. Ndikanena, ndidzakuyang'anani bwanji?

Dzulo alamu anagwira jasilo nati, "Lakukhalani, alamu. Musaope, chitani ntchito yanu." Ine kulivala ndikulephera, lili pamsomali.

Chonde pitani kwa amalume muwafunse ngati dimba lija likadalipo, kuti zikavuta alamu adzapeze pogwira. Mundiyankhe msanga mwezi usanathe, ndipo musawauze ana. Mutipempherere. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Yotamu