Lipenga la Bambo Moala ndi Fupa Lawo Latsopano

KOMITI YA BANDI YA MPINGO WATHU WA ATONGA A KU ZILUMBA ZA PACIFIC

Tsiku: Loweruka, 7 Juni 2025
Malo: Holo ya mpingo, Logan, Queensland, Australia
Opezeka: Bambo Manase Havili (Wapampando), Mayi Lesieli Vea, Bambo Kalafi Moala (woliza lipenga wamkulu), Semisi Kaufusi (Mlembi)
Opepesa: Abusa, ali kumaliro

1. Kutsegulira

Mlembi anatsegula ndi pemphero. Wapampando anati linatalika.

2. Za m'kamwa mwa Bambo Moala

Bambo Moala anafotokoza kuti mano awo a m'mwamba, a chakumasaya, anatha kalekale, ndipo fupa linapyapyala moti silikanagwira mizu yachitsulo ya mano atsopano. Sabata yatha dokotala wa mano anakankhira m'mwamba kachikopa ka mphako ya mpweya yomwe ili kuseri kwa tsaya, n'kuthira ufa wa fupa pansi pake. Mizu idzalowa fupalo likalimba, pakapita miyezi ingapo.

Mayi Vea anafunsa kuti fupalo ndi la ndani. Bambo Moala anati ndi la ng'ombe. Mayi Vea anati: "Nanga pa tsiku la kuuka kwa akufa, ng'ombeyo ikadzalifuna?" Wapampando anati funsoli lidikire Abusa.

Atafunsidwa za moyo wawo, Bambo Moala anati ululu wachepa, koma akugona chokhala, akudya chinangwa chophwanya ngati khanda, ndipo saloledwa kumina. Kuliza lipenga dokotala waletsa mpaka atawaonanso, chifukwa mpweya ungang'ambe kachikopa kaja, ufawo n'kutayikira m'mphuno, mano n'kulephereka.

3. Ukwati wa Loweruka likubwerali

Wapampando anakumbutsa kuti mkwatibwi ndi mdzukulu wa Mayi Seini Fonua, alongo awo aakulu a Bambo Moala, ndipo iwowo ndi amene anapempha kuti Bambo Moala atsogolere bandi. Bambo Moala anati aliza.

Mayi Vea anati: "A Kalafi, mwapenga? Mukufuna mukamine ng'ombe pamaso pa akwati?"

Bambo Moala anati chibadwire iwo sanawakanirepo kanthu alongo awo, ndipo za m'thupi mwawo sangazitchule pamaso pa alongo awowo, ndi ulemu wa kwathu ku Tonga umene tonse tinakula nawo. Anati alongo awo akuganiza kuti anangozula dzino. Wapampando anafunsa ngati alipo wodzipereka kukawauza. Panalibe.

Mlembi akuvomereza pamaso pa Mulungu kuti ankadziwa kuti Mayi Fonua ali kukhitchini ya holo, akukonza za ukwati, anaonanso kuti zenera loperekera chakudya ndi lotsegula, koma sanalitseke. Ngati kumeneku ndi kuchimwa, Abusa amuuze.

Mayi Fonua analowa ndi tiyi. Bambo Moala anaimirira, maso pansi. Mayi Fonua sanawayang'ane. Anati: "Manase, umuuze mnzakoyo kuti ine ndamva. Loweruka akakhale pampando pafupi ndi ine, manja pamaondo. Lipengalo andipatse."

Wapampando anawauza, ngakhale onse anali atamva. Bambo Moala anapereka lipenga ndi manja awiri, m'bokosi lake. Kenako anapempha Wapampando awafunsire kuti lidzabwerera liti. Mayi Fonua anati: "Tsiku limene adzatafune chikopa cha nkhumba yootcha ine ndikumva kukukuta kwake."

Mfundoyi inagwirizanidwa popanda voti. Mayi Fonua si membala wa komiti.

4. Zina ndi zina

Bambo Moala anapempha kuti zilembedwe kuti iwo sanakane. Zalembedwa.

Msonkhano wina udzakhalako Loweruka, 5 Julayi, pamalo omwewa. Wapampando anatseka msonkhano 4 koloko madzulo, ndipo anapemphera okha.

Wapampando: Manase Havili ____________
Mlembi: Semisi Kaufusi ____________