Moni wa Lamulungu kwa a Lucia

Thambani,
Mwanza.
15 Okutobala 2018

Okondedwa achimwene a Masauko,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Joniko. Kuno tilipo, kungoti dzuwa latiwamba ndipo mbuzi zikudya makoko a mango. Musadabwe kuti ndalemba kalata chonsecho foni ndili nayo. Ndayesa kangapo kujambula mawu, koma ndikafika pakati ndimafufuta. Kalatayi ndapatsira a Kinsley, adalaivala a thiraki aja. Nkhani ili m'menemu ndi yanu, ndipo chomwe chikundiopsa n'chakuti mukaiwerenga mwina simubweranso pa Khirisimasi monga munalonjezera.

Abambo ali monga munawasiyira. Chiwagwireni sitiroko ija sadziwa munthu. Ine amanditcha anesi, amayi amangowayang'ana ngati mlendo wopempha madzi. Sipika munatumiza ija inafika ndi memori khadi yake, zikomo, koma ndikuuzeni zoona, ikuimbira nkhuku. Abambo akufuna wailesi yawo yakale yomanga ndi mphira ija, yomwe munati titaye.

Pa wailesi yaing'ono ya kuboma ija anayambitsa pologalamu ya achikulire, Magule a Dzana, Lamulungu masana. Tsiku lonse amaika za anyamata zogunda m'chifuwazi, koma nthawi imeneyo a Langton Nthanda, muulutsi wa mawu okhuthala, amaika za banjo ndi gitala n'kumawerenga moni wa agogo. Mudzi wonse wa imvi umakhala chete ngati kuli maliro.

Tsiku lina ndikutsuka mbale ndinamva a Langton akuti, "Nyimbo iyi ipite kwa a Lucia a ku Thambani, kuchokera kwa a Petro Zacharia." Ndinangoti kakasi. Petro Zacharia wa ku Thambani ndi mmodzi, abambo athu, munthu woti supuni imamugwa m'manja. Moni anautumiza bwanji? Nanga Lucia ndani, poti amayi ndi a Esime?

Ndisanamalize kudabwa, nyimbo inayamba, ya banjo, yonena za mtsikana wodikira lole ya ku Tete. Achimwene, abambo anadzuka pampando okha. Anagwira amayi dzanja nati, "Lucia, wachedwa bwanji? Gule wayamba." Mawu omveka bwinobwino! Ndinayembekeza kuti amayi awakankha. Ayi ndithu, anakonza chitenje n'kuyankha kuti, "Ndabwera, a Petro." Anavina pakhonde, abambo akukoka mwendo wodwalawo. Nyimbo itatha abambo anakhala pansi n'kuzimanso.

Lamulungu lotsatira chimodzimodzi. Linalonso chimodzimodzi. Atsikana a kumjigo anayamba kundifunsa ngati mayi wanga wachiwiri ali bwino. Mumandidziwa, sindichedwa kupsa mtima. Ndinati abambo anali ndi chibwenzi kale, ndipo chibwenzicho chikutitonza pa wailesi, amayi akungopirira poti ndi amayi a Mvano. Chomwe chinandisokoneza n'chakuti azimayi achikulire sankaseka. Lamulungu ankabwera, n'kukhala pamkeka, ena akupukuta m'maso.

Ndinayesa nzeru zanga. Ndinabisa mabatire, amayi anakabwereka kwa aneba. Ndinapita kwa ojambula nyimbo pamsika, anandipezera nyimbo yomweyo n'kuiika pa memori khadi yanu ija, kuti abambo azivina popanda dzina la mkazi wa eni. Ndinaiika mokweza. Abambo ankangoyang'ana khoma. Kusonyeza kuti si banjo yokha yomwe imawadzutsa, koma amve kaye a Langton akutchula dzinalo.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinakwera pikapu mpaka kuboma, ndinakalowa ku wailesiko nkhope ili gwa. A Langton ndi nkhalamba yaifupi, mawu okha ndiwo aakulu. Ndinati, "Bambo, lekani kuwerenga moni wabodza. Mukuphwanya banja la anthu okalamba."

Anati, "Mayi, ine ndimawerenga zomwe zabwera pafoni. Achikulire ambiri salemba okha, amatuma." Anandionetsa nambala. Inali ya a Laston, akabaza a pamsika pathu pano.

Ndinawapeza a Laston pansi pa mtengo wa mango akupopa tayala. Ndinawalalatira anzawo akumva, mpaka ndinawafunsa ngati Lucia ndi azakhali awo. Anandisiya ndimalize, kenako anati, "Asisi, ine ndimangotumidwa. Loweruka lililonse amayi anu amandiimitsa pochokera kuchigayo, amandiuza mawu, ine n'kulemba." Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Njira yonse yobwerera mutu unaima. Mkazi wanzeru zake angatumize moni kwa mkazi mnzake, m'dzina la mwamuna wake, kenako n'kumavomera dzina la mnzakeyo? Ndinayamba kuganiza kuti matenda a abambo alowanso amayi.

Ndinawapeza akusenda chinangwa kuseri. Nditawafunsa sanaleke kusenda. Anati, "Iwe Jane, ukanafunsa ine, ukanasunga nsapato zako. Lucia ndi mkulu wanga, bere limodzi. Ndiye anali mkazi wa bambo ako. Ankavina nyimbo imeneyi ku Zobue ine ndikuwasungira mabasiketi."

Ndinati, "Nanga ali kuti?"

Anati, "Ali kumanda kwathu konkuno, pafupi ndi agogo ako. Anapita pobereka. Mwanayo anatsala."

Achimwene, apa ndi pomwe ndimafufuta pafoni paja. Mwanayo ndinu. Dzina lanu lija sanangolitola panjira.

Amayi akuti maliro atatha, akubanja anafuna kuwasudzula abambo monga mwa mwambo, poti anali mkamwini, abwerere kwawo kwa Kanduku, mwana atsale kuchikazi. Abambo anakana kusiya khanda. Ankagona pakhonde. Amayi, ali mtsikana, ndiwo ankakumwetsani mkaka wa mbuzi ndi kukuberekani kumbuyo. Patapita nthawi ankhoswe anakhala pansi nati nyumba isagwe, Esime alowe m'malo mwa mkulu wake. Anagwirizana kuti inu musauzidwe, musamadzione wamasiye. Azimayi a pamkeka aja onse akudziwa. Osadziwa tinali ife ana ndi atsikana a kumjigo.

Ndinawafunsa kuti, "Ndiye sizikuwawani? Zaka zonsezi mwawaphikira, mwawasambitsa, lero akuiwalani n'kukumbukira wina?"

Apa anaika mpeni pansi. Anati, "Zimawawa, mwanawe. Koma sabata yonse bambo ako sadziwa munthu. Tsiku lina nyimboyi inangolira yokha pa wailesi, ndinamva akunong'ona dzina la Lucia, ndipo ndinati ndiyese. Akandiona ngati Lucia, ndiye kuti andiona. Ndipo naye mkulu wanga dzina lake lamveka pabwalo, tinalikwirira nthawi yaitali."

Sindikudziwa ngati ndiwakwiyire kapena ndiwagwadire. Sindikudziwa ngati ndilire a Lucia, munthu woti ndamudziwa dzana. Dzulo pologalamu itayamba ndinaika ndekha mabatire atsopano, kenako ndinakabisala kukhitchini, osafuna kuona. Ndinaonabe pazenera. Abambo afooka, achimwene. Dzulo sanathe kuimirira, anangovina ndi mapewa amayi atawagwira manja. Nyimbo ili pakati anafunsa kuti, "Lucia, mwana wagona?" Amayi anati, "Wagona." Abambo anati, "Ndimuone."

N'chifukwa chake amayi andilola kulemba. Akuti mubwere, ndipo ngati n'kotheka musadikire Khirisimasi. Mufike Loweruka, kuti Lamulungu a Langton akamatchula dzina lija inu mukhale pakhonde. Ngati mwakwiya, bwerani mudzakwiyire konkuno. Pobwera musavutike ndi sipika ina, mabatire aakulu okha ndi okwana.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Amuna anga akupereka moni. A Laston nawonso akupereka moni, ndinakawapepesa ndi nkhuku. Abambo sanapereke, koma mwamva nokha kuti anakufunsani.

Nditafika apa ndinawafunsa amayi kuti moni wawo ndilembe kuti wachokera kwa ndani, amayi kapena mayi aang'ono. Anapotokola nsonga ya chitenje. Kenako anati, "Usalembe dzina. Ungoti moni wochokera kwa amene anamubereka kumbuyo. Dzinalo adzanditcha yekha akafika."

Ndatha ine mlongo wanu, monga kale,
Jane