Za Mtima wa Achimwene Wilisoni

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhalako bwanji? Kuno tilipo, ngakhale mvula yagwa kawiri pamanda anu ine ndisanazolowere. Ndikamachokera kothyola tiyi ndimaponyabe maso pakhonde, paja munkakhala mukusenda chinangwa, kenako n'kukumbuka.

Ndiyambe ndi zokoma. Mng'ono wanga Nerina wachira bwino kuchipatala cha ku Mishoni. Ndi mwana wamkazi, mphuno yake ndi yanu yomwe ija. Nandolo wabereka mpaka nthambi kugwada. Koma kalongonda wandikanika, Amayi. Ndimaphika tsiku lonse, kutaya madzi kangapo monga munkachitira, koma sakoma ngati wanu. Mbuzi yanu ya nyanga imodzi ija yaswa ana awiri, ndipo ikubabe makaka a chinangwa amene anthu ayanika padzuwa.

Chandigwiritsa pensulo lero ndi nkhani ya achimwene Wilisoni. Mutangotisiya, mzungu wa pa esiteti anawapatsa ukapitawo. Tinasangalala, osadziwa. Mzungu ankafuna masamba ambiri. Othyola, omwe ndi anansi athu, ankalira kuti masamba akanyowa ndi kamvula ka chiperoni, pasikelo akuwadula mopitirira. Onsewo ankakalipira achimwene. Tsono mukudziwa kuti nyumba zathu zili pamalo a esiteti. Iwo akanamulakwira mzungu, tonse tikanasenza mitolo.

Belu la kuntchito likangolira, mtima wawo unkagunda, m'manja muli thukuta lokhalokha. Anati awalodza chifukwa cha udindo. Chakudya anasiya, akuti m'mimba mukuotcha. Anaonda mpaka kuboola bowo lina palamba. Sing'anga anawatema mphini pachifuwa, osasintha. Ku Mishoni anawapima n'kunena kuti mtimawo ulibe nthenda, koma iwo anati zipangizo za azungu siziona za anthu. Ankangokhala pansi pa mango, dzanja pachifuwa, kumvetsera imfa yawo. Ana ankawazemba.

Apo m'pamene ndinakusowani kwambiri. Ndinakumbuka momwe munkatifotokozera za ulendo wanu wochoka kwa Apwitikizi, achimwenewo ali kumsana, mtsinje wa Muloza utadzaza, asilikali ali m'mbuyo. Munkati mtima unagunda ngati ubowola nthiti, ndipo mutafika tsidya lino munauthokoza, poti ndiwo unakuwolotsani. Ndinakumbukanso tsiku limene ndinkaopa kukaimirira pamaso pa mpingo kuyankha mafunso a ubatizo. Munandigwira pachifuwa n'kunena, mwa kalankhulidwe kanu kosakaniza kaja, "Murima ukathamanga usamauope, mwanawe. Waona phiri, ukukonzera miyendo." Inu nkhawa munali nazo zambiri, Amayi, kuposa ife. Chaka cha njala chija munkatafuna mizu kuti ife tidye. Koma sindinakuoneni mukuyesa nkhawa mdani. Munkaimanga m'chiuno ngati nsalu n'kunyamula khasu.

Loweruka lina ndinawanamiza achimwene kuti ndikufuna nsungwi zokonzera nkhokwe, ndipo amuna anga msana wawavuta. Anakana, ndinakakamira, anadzuka. Tinakwera m'mphepete mwa phiri, kunjira kuja munkatola nkhuni. Tili pakati pa chitunda ndinaima, n'kutenga dzanja lawo kuliika pachifuwa pawo, lina pachifuwa panga.

"Achimwene, yonse iwiri ikugunda. Nanga inenso andilodza?"

Ndinawauza kuti mtima umene ukuwakweza chitundachi ndi womwewo umagunda belu likalira, ndipo ndi mwana wake wa mtima wanu uja unawawolotsa Muloza. Anakhala pamwala nalira, kulira kumene sanalire pamaliro anu. Potsika anasenza nsungwi zonse okha. Kunyumba anapempha chinangwa chootcha.

Sindikunamizeni kuti anachira tsiku lomwelo. Panapita masabata. Koma m'mawa wina anavala malaya awo oyera, napita kuofesi kukanena za sikelo ija. Akuti mawu anatuluka onse. Mzungu anakalipa, nawachotsa ukapitawo. Awabwezera kodulira tiyi, malipiro atsika. Nyumba sanatichotse, ndipo pasikelo akudulabe, koma osati monga kale. Amayi, mwana wanu akudya. Masaya abwerera. Mtima umawagundabe nthawi zina, iwo amangousisita n'kuseka, amvekere wayambapo mnzanga uja. Dzulo ndinawapeza akuphunzitsa ana awo nyimbo yanu yosinjira.

Tsopano yanga, imene ngakhale mkamwini wanu sindinamuuze. Ndili ndi pakati, mwezi wachitatu. Ana anga awiri aja anabadwa akufa munandithandiza kuika m'manda ndinu, ndipo kuyambira pamenepo ndinati basi. Ndikaganiza kuti nthawi ikadzakwana simudzakhala kumutu kwanga, mpweya umandithera. Kulangiza achimwene kunali kosavuta. Panopa ndi ine.

Ndikulonjezani ichi: sindibisala nazo pansi pa mtengo. Lero lomwe ndiwauza amuna anga. Ndizidya, ndizipita kusikelo ya amayi ku Mishoni, mantha ndi ine tizitsagana. Ndipo akabadwa wamoyo, ndidzabwera naye kumanda ndekha kuti mumve kulira kwake.

Gonani bwino, Amayi. Ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu,
Esitere